Tiyi wa Bambo Ziwiriziwiri

Mphete ya siliva imene bwenzi lake Wachikepe anamugulira, Kamwetu ankaivula m'mawa uliwonse shopu isanatsegulidwe. Ankaikulunga m'kampango, n'kuitsekera m'kabati kachitsulo kuseri, kenako n'kuvala diresi lakuda, nsapato za gogoda ndi nkhope ya kuntchito. M'shopu ya golide ndi dayamondi wogulitsa savala zake. Madamu, amene ankayendetsa shopuyo, ankati siliva wotchipa pachala cha wogulitsa amagwetsa mtengo wa chilichonse chimene chalacho chaloza.

Anzake a kusukulu ankamusirira. "Iwe ndiye unatola chikwama," ankatero, ndipo sikuti ankanama. Kuntchito kuja kunali mpweya wozizira, kapeti yomiza phazi, pafyumu waulere ndi komishoni yoti mwezi ukakhala wabwino munthu unkagona tulo. Anaphunzirako kulankhula ndi anthu akuluakulu osanjenjemera. Koma anzakewo sankaona mapazi ake madzulo atatupa ngati mabanzi, poti mipando yonse ya m'shopumo inali ya makasitomala. Sankadziwa kuti munthu umatukwanidwa ndi mayi amene galu wake amadya bwino kuposa iwe, iwe n'kuyankha kuti zikomo kwambiri, mubwerenso. Dzina loti Kamwetu linachokera pomwepo. Mwana wa eni ake ankamwetulira ngakhale dzino likumupweteka.

Lamulo lalikulu Madamu ankalinena kwa aliyense watsopano, tsiku loyamba lomwelo. "Zimene waona m'chipinda chamkati umazisiya momwemo. Kasitomala ukakumana naye panja sumudziwa, mpaka iye atayamba kukudziwa." Chaka chapitacho mtsikana wina anapatsa moni kasitomala pakhomo la chipatala, mkazi wake ali pomwepo. Lolemba lake anamulongedzetsa. Mashopu a mumsewu umenewo amadziwana, ndipo palibe anamulembanso ntchito. Pano akugulitsa zikwama za mafoni pasiteji ya basi.

Wogulitsa aliyense anali ndi buku lakuda, lomwe ankalipereka kwa Madamu poweruka. Maina enieni sankalembamo, koma zina zonse zinalimo: saizi ya chala, tsiku lobadwa la mkazi, mtundu umene amadana nawo, chimene kasitomala amamwa. Kamwetu masamba ake anawaloweza pamtima, ndipo ankanyadira zimenezo.

* * *

Lachisanu masana, atakhala pamasitepe a kuseri nsapato zili pambali, anapeza uthenga wa Wachikepe pafoni.

"Mayi avomera. Lamlungu masana ubwere kunyumba. Bambonso adzakhalapo, zosachitikachitika. Usavale gogoda, ndikufuna ukhaleko pansi tsiku limodzi pamoyo wako."

Anaseka yekha, kuseka kwenikweni. Anadziwana chaka chapitacho, chikepe cha nyumba yosanja imene munali shopuyo chitaima panjira, Kamwetu ali mkatimo yekha. Wachikepe, mnyamata wokonza zikepe, analankhula naye pakampata ka chitseko ola lathunthu, kumusimbira nthabwala zosaseketsa kuti asalire. Atatsegula anapeza mtsikana akumwetulira, misozi ili m'masaya.

"Kumwetulira kwa bwana wanuko mukusiye," anatero. "Ine sindigula kanthu."

Panalibe munthu anali atamuuzapo mawu otero. Vuto linali lakuti mtsikana wa pakauntala ya mawotchi, amene onse ankamutcha Wamawotchi, nayenso anali atamuponyera diso mnyamatayo, mpaka kutenga nambala yake ponamizira kuti chikepe chikulira. Kuyambira pamenepo moni wake kwa Kamwetu unali wa m'mphuno.

Masana omwewo belu la pakhomo linalira, mlonda anatsegula, ndipo analowa Bambo Ziwiriziwiri. Anali munthu wamtali, wa imvi m'mbali, wamanzere, wofatsa ngati m'busa. Dzinalo anawapatsa ndi atsikana a m'shopumo, poti chilichonse ankagula ziwiri zofanana. Bokosi limodzi linkamangidwa ndi riboni yoyera, ndi kakhadi kakuti "Kwa mayi a kunyumba". Linalo linkamangidwa ndi riboni yofiira, lopanda khadi. Zaka zitatu Kamwetu akuwatumikira, ndipo za mayi wa riboni yofiirayo ankadziwa zimene zinali m'buku basi: tsiku lake lobadwa, khosi lowonda, ndi chala chapakati cha kumanja chimene chinapanidwa ndi chitseko cha galimoto, mfundo yake n'kupindika. Mphete wamba sinkadutsa pamfundoyo. Kamwetu yemweyo ndi amene anakonzetsa yapadera, yotseguka m'mbali.

Anawalowetsa m'chipinda chamkati, n'kuwaikira tiyi wawo osafunsa: wopanda shuga, wopanda mkaka, kachidutswa ka ndimu, chogwirira cha kapu atachitembenuzira kumanzere.

"Inu ndiye simuiwala," anatero bambowo. Anasankha mikanda iwiri ya golide, uliwonse ndi kamwala kobiriwira, yomwe m'shopu monse inalipo iwiri yokhayo. "Khosi lanu ndi la uja wa riboni yofiira n'chimodzimodzi. Tandiyeserani, ndione pamene kamwalaka kakufika."

Imeneyo inali ntchito ya tsiku ndi tsiku. Kamwetu anakweza tsitsi, bambowo anaima kumbuyo kwake n'kumutsekera mkandawo kuti aphunzire kotsekera kake, onse akuyang'ana pagalasi. Chitseko chinali chotsekula pang'ono. Wamawotchi anadutsa panja, foni ya shopu yojambulira mawotchi ili m'manja, ndipo anachedwa pang'ono podutsapo.

* * *

Lamlungu anavala nsapato zafulati ndi mphete yake ya siliva. Wachikepe sankakonda kukamba za bambo ake. Ankangoti ali ndi malole ndipo amakhala pamsewu kuposa pakhomo. Mayi ake ndiwo anali pakamwa pake tsiku lililonse.

Anawapeza pabalaza, mayi wamfupi wa magalasi, manja ofunda. Kamwetu akuwerama kupereka moni, maso ake anagwera pakhosi pawo. Mkanda wa golide, kamwala kobiriwira. Riboni yoyera anamanga yekha dzana.

Asanapume n'komwe, chitseko cha mkati chinatseguka. Bambo Ziwiriziwiri anaima pakhomo, nyuzipepala ili kudzanja lamanzere. Anauma kamphindi kochepa, koti wina sakanaona.

"Kodi mlendo wathu ndi ameneyu? Takulandirani, mwana wanga."

"Ndakondwa kukudziwani, bambo," anatero Kamwetu, ndipo nkhope ya kuntchito inabwera yokha.

Wachikepe, wosadziwa kanthu, anali pachimwemwe ngati mwana. Anawaimika onse anayi pafupi ndi zenera, n'kujambula chithunzi, n'kuchiika pafoni kuti dziko lonse lione. Chakudya Kamwetu sanachimve kukoma. Ankangomeza.

"Mwana wangayu amangoti mumagwira m'shopu," anatero mayi aja. "Shopu yake ya chiyani?"

"Ya zodzikongoletsera, mayi. Mphete, ndolo, mikanda. M'nyumba yosanja ija amakonzamo zikepe."

"Oho." Mayiwo anagwira kamwala ka pakhosi pawo. "Ndiye izi mumazidziwa. Bambo akewa amandigulira kunja, akapita ndi malole."

"Kunja," anatero bambowo, akupukuta pakamwa. "Mashopu a kunowa mitengo yake n'njamisala. Ine sindinapondemo."

Atatha kudya, mayi aja anabweretsa thireyi n'kuiika patsogolo pa mlendo. "Tatithirireni tiyi, tione ngati manja a dayamondi amadziwa tiyipoti."

Inali nthabwala, ndipo onse anaseka. Kamwetu anafunsa mayi kuti shuga angati, anati awiri. Wa Wachikepe ankamudziwa, mkaka wambiri ngati wa khanda. Kenako mutu wake uli kwina, ukuganiza za mabokosi awiri aja, manja anagwira ntchito imene anaizolowera zaka zitatu. Anathira tiyi wakuda. Anadutsa shuga, anadutsa mkaka. Anatambasula dzanja m'mbale ya zipatso, n'kutenga ndimu, n'kudulako kachidutswa kopyapyala. Anaika kapu patsogolo pa bambo, n'kutembenuzira chogwirira kumanzere.

Mayi aja anayang'anitsitsa kapuyo.

"Ine ndinatha zaka ziwiri m'banja ndisanadziwe za ndimu," anatero mayi aja pang'onopang'ono.

"Ndiyenera kuti ndinamuuza ine," anatero Wachikepe, akuyesa kuseka.

"Iwe? Iwe sudziwa n'komwe kuti bambo ako anasiya shuga."

Kamwetu anayang'ana mpeni umene unali m'dzanja lake. Akanatha kunena kuti wangoganiza, kuti anthu akuluakulu ambiri amamwa choncho. Koma chogwirira cha kapu chinali chilozere kumanzere, aliyense akuchiona. Mayi aja anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenako anati mutu ukuwapweteka n'kulowa kuchipinda. Tiyi wawo sanamukhudze.

Wachikepe atapita kukatenga makiyi a galimoto, bambo aja anamupeza Kamwetu pakhonde. Mawu awo anali ofatsa monga mwa masiku onse.

"Lamulo la kuntchito kwanu ndimalidziwa, mwana wanga. Nanunso muzilikumbukira."

* * *

Lolemba foni inali zii. Kamwetu anatumiza mauthenga anayi, onse anawerengedwa, palibe umene unayankhidwa. Anagulitsa ndolo kwa mayi wina amene anamuimiritsa maola awiri n'kumuuza pomaliza kuti ali ndi zala za m'khitchini. Anathokoza. Wamawotchi tsiku lonse ankang'ung'udza kanyimbo, akupukuta galasi loyera kale.

Lachiwiri masana uthenga unabwera. "Ndili pamasitepe."

Anamupeza ali mu ovolosi, manja akuda ndi girizi, maso ofiira. Sanamupatse moni. Anangomusonyeza foni. Pachithunzipo panali Kamwetu, tsitsi atalikweza, mkanda wa kamwala kobiriwira uli m'khosi, akumwetulira pagalasi, ndipo kumbuyo kwake bambo ake a Wachikepe atawerama ngati akufuna kumununkhiza.

"Chabwera pa nambala yosadziwika, Lamlungu madzulo. Opanda mawu alionse. Uyu ndi ndani?"

"Ndine."

"Nanga manjawa?"

Kamwetu anadziwa amene anatumiza. Wamawotchi anaona chithunzi cha pabalaza chija, anazindikira nkhope, n'kuona kuti mpata ndi umenewu. Koma kudziwa zimenezo sikunamuthandize kanthu.

"Kuyesera kasitomala mkanda ndi ntchito yanga. Ndimachita kangapo patsiku."

"Ndiye ndi kasitomala. Munthu amene akuti sanapondemo. Munthu amene unamuuza pamaso panga kuti wakondwa kumudziwa."

"Za makasitomala sindingalankhule, ukudziwa."

"Sindikufunsa za makasitomala, ndikufunsa za bambo anga." Anakhala pansi pasitepe, n'kugwira mutu. "Mayi akhala akudziwa kalekale kuti kuli mkazi wina. Anapezapo bokosi la riboni yofiira m'galimoto, muli ndolo zofanana ndi zawo, ndipo silinafike kwa iwo. Anangomeza, chifukwa cha ine. Pano akuti mkazi uja amupeza, ndipo ine chitsiru ndi amene ndawabweretsera pabalaza."

"Nanga bambo akuti chiyani?"

"Akuti ndikusiye. Akuti atsikana a m'mashopu otere amadya ndi maso, saona munthu, amaona thumba. Za chithunzichi akuti analowamo kamodzi kufunsa mtengo, iwe n'kuwakakamira."

Apa Kamwetu mtima unamupweteka kwenikweni. Zaka zitatu za tiyi wa ndimu, za kuwakumbutsa masiku obadwa kuti asayaluke kunyumba, malipiro ake ndi amenewa.

"Iweyo ukukhulupirira?"

"Ndikufuna ndisakhulupirire. Koma mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ndipatse popondapo, ngakhale pang'ono. Mkanda wachiwiri uli kuti?"

"Suli kwa ine."

"Uli kwa ndani?"

"Dzina sindilidziwa. Ndikulumbira."

"Koma ulipo." Anaseka kuseka kowawa. "Waona? Pang'onopang'ono zikutuluka. Ndikuchita kukuzula mawu ngati misomali." Anaimirira, n'kutola bokosi lake la zipangizo. "Kunyumba konse amene akukuikira kumbuyo ndi mayi aang'ono okha, ang'ono awo a mayi. Amenewo anandilera mayi atagona m'chipatala chaka chathunthu. Akuti mwana wa eni asaweruzidwe asanamvedwe. Ndawapatsa nambala yako."

Anatsika masitepe osatembenuka. Nthawi yopuma inali itatha, ndipo Kamwetu anavala nsapato zake.

* * *

Mayi aang'ono anaimba Lachitatu, Kamwetu ali m'basi pobwerera kwawo. Mawu awo anali okoma, otsika, a munthu wozolowera kutonthoza ana.

"Mwana wanga, usalire. Akulu angawa ndimawadziwa, amapsa msanga koma amazizira. Mawa akuti akubwera kushopu kwanuko, ine ndiwaperekeza. Iwe usataye ntchito chifukwa cha nsanje ya nkhalamba, wamva? Ukhale chete monga mwa lamulo lanu. Zinazo undisiyire ine."

Kamwetu analira m'basimo, nkhope ataibisa pazenera. Chichitikireni zimenezi, aka kanali koyamba munthu kumutcha mwana wanga mochokera pansi pa mtima, kapena iye anamva choncho. Koma malangizowo sanawatenge. Anaganiza za mtsikana wa zikwama za mafoni uja, amene basi inamudutsa pasiteji atakhala pakatoni, ndipo anachita mantha. Kenako anaganiza za Wachikepe akutsika masitepe osatembenuka, ndipo mantha amenewo anaposa oyambawo. Ntchito ndi ntchito. Tsamba la m'buku lakuda linali ndi tsiku lobadwa lomwe silinali lake, ndi chala chopindika chomwe iye analibe. Akangoliwerenga pamaso pa mayi aja, mlandu watha. Anatsika basi atatsimikiza mtima.

* * *

Anafika Lachinayi cha m'ma leveni. Mlonda anatsegulira amayi awiriwo ndi ulemu wonse, koma Wachikepe anafuna kumubweza chifukwa cha ovolosi. Madamu anaona mkanda pakhosi pa mayi wamfupiyo, anauzindikira, ndipo anawalowetsa onse m'chipinda chamkati asanayambe kulankhula pakati pa makasitomala. Madamuwo anaima panja pa chitseko, pomveka zonse.

Mayi aang'ono anali aatali, owonda, mpango wa silika uli m'khosi, chikwama atachifumbatira pamiyendo. Anamumwetulira Kamwetu momulimbitsa mtima. Wachikepe anatsamira khoma, osakhala pansi, kuopa kudetsa mpando.

"Ndikupatseni chakumwa, mayi?" anafunsa Kamwetu.

"Tiyi wanu ndinamuona kale." Mayi aja anamasula mkanda, n'kuuika pansalu yakuda ya patebulo. "Ine sindinabwere kudzatukwana. Ndakalamba nazo. Mwamuna wanga amagula ziwiriziwiri, ndipo ine ndakhala ndikuvala theka la chilichonse kwa zaka zimene sindifuna kuwerenga. Ndifunsa funso limodzi. Chinzake cha ichi amavala ndani? Ngati si inu, ndisonyezeni, ndipo ine ndidzagwada kupepesa pamaso pa mwana wangayu. Paukwati wanu ndidzavina mpaka miyendo itakana."

"Dzina sindilidziwa, mayi," anatero Kamwetu. "Koma ndili ndi china."

Anatsegula kabati ka pansi pa galasi n'kutulutsa buku lakuda. Kunja kwa chitseko gogoda wa Madamu anasuntha kamodzi. Wachikepe anachoka pakhoma paja, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anamuyang'ana m'maso. Kamwetu anaika bukulo patebulo, n'kuyamba kufunafuna tsamba. Mtima unali utapepuka.

Pamenepo mayi aang'ono anasiya chikwama chawo, n'kugwira dzanja lake kulipanikiza pabukupo.

"Mwana wanga, taganiza kaye za ntchito yako."

Kamwetu anayang'ana dzanjalo chifukwa ndi mmene anaphunzitsidwira: munthu umayamba wamuona zala, nkhope pambuyo. Dzanja lamanja. Chala chapakati chopindika pamfundo, ngati kanthambi kamene kanathyoka n'kupola kokha. Mphete panalibe, koma m'munsi mwa mfundoyo munali kamzere koyera, m'lifupi mwake ndendende mwa mphete yotseguka m'mbali imene iye anakonzetsa. Anakweza maso. Pamwamba pa mpango wa silika panali khosi lalitali, lowonda, longa lake.

Mayi aang'ono anaona kuti waona. Koma sanachotse dzanja.

"Asiye awerenge," anatero mayi aja kwa mng'ono wawo. "Iwe ndiwe wachifundo kwambiri, ndi vuto lako kuyambira uli mwana."

Tsamba linali pansi pa chala chake. Tsiku lobadwa ndi chala chopindika, mizere iwiri yokha, ndipo palibe mkulu amene sadziwa tsiku lobadwa la mng'ono wake. Kamwetu anayang'ana mayi wa magalasiyo, amene anabwera atatsamira mkono wa m'bale wake. Anayang'ana Wachikepe, amene anali ndi amayi awiri padziko lapansi, onse ali m'chipinda chomwecho. Ntchito anali atalolera kale kuitaya. Koma izi sanazikonzekere. Akawerenga, mayiyu atuluka muno wopanda mwamuna ndi wopanda mng'ono, ndipo Wachikepe moyo wake wonse akamamuyang'ana azidzakumbukira pakamwa pamene panaphwasula mtundu wawo. Anamumvera chisoni mnyamatayo kuposa mmene anadzimvera yekha.

Anatseka buku.

"Pepani, mayi. Za makasitomala athu sitinena."

Ndipo, tsoka lake, nkhope ya kuntchito inabwera yokha. Anamva milomo ikutambasuka, osatha kuiletsa.

Mayi aja anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Wamva wekha," anauza mwana wawo. Anaimirira. Mkanda anausiya pansalu pomwepo. "Umenewo mutenge, chemwali. Mukhale nayo yonse iwiri."

Wachikepe anatsala kamphindi pakhomo. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Kumwetulira kwa bwana wako," anatero. "Mpaka kwa ine."

Mayi aang'ono anatuluka pomaliza. Podutsa anamusisita paphewa n'kunong'ona kuti, "Mulungu akudalitse, mwana wanga." Kenako anathamangira kukagwira akulu awo pamkono, kuwathandiza kutsika sitepe ya pakhomo.

* * *

Madamu anamuitana masana omwewo, nkhope ili yowala.

"Ndinaona ngati wapenga, koma wandinyaditsa. Anthu olemera amagula golide kulikonse, kuno amadzagula pakamwa potseka. Kuyambira Lolemba chipinda chamkati chili m'manja mwako. Ena onse azidzera kwa iwe."

"Zikomo kwambiri, Madamu."

Wamawotchi anamva, ndipo kanyimbo kake kanathera pakhosi. Kamwetu sanakondwe ngakhale ndi zimenezo. Anaima maola ena asanu. Anagulitsa mphete ya ukwati kwa mnyamata ndi mtsikana amene ankagwirana manja pansi pa kauntala, n'kuwafunira mafuno abwino.

Poweruka anapita kuseri, buku lakuda lili m'khwapa podikira kulipereka. Anavula nsapato, n'kutsegula kabati kachitsulo. Mumtima ankadzilimbitsa kuti mayi aang'ono, poti apulumutsidwa, alankhula monga analonjezera. Aziziritsa akulu awo, amuuza mnyamatayo kuti mtsikana uja alibe mlandu. Munthu sangalumenso dzanja limene lamuvuula m'madzi.

Anamasula kampango, mphete ya siliva ili momwemo. Foni inali ndi uthenga umodzi, wa Wachikepe.

"Mayi aang'ono alira njira yonse. Akuti sanafune kunena, ankakumvera chisoni, koma sangapitirize kuona akulu awo akuvutika. Akuti mwezi watha anakuonani ndi maso awo, iwe ndi bambo, mukutuluka m'hotela. Chithunzi ndikanatha kuchikayikira. Mayi anga ndikanati ndi nsanje. Koma mayi aang'ono sananamepo kwa ine chibadwire. Mphete ija uisiye kwa mlonda, ndidzaitenga mawa."

Anawerenga kawiri. Misozi sinabwere. Chimene chinabwera ndi ukali umene sanaumvepo, wotentha kuyambira m'mapazi otupawo mpaka kumaso.

"Mabuku, atsikana," anaitana Madamu kuchokera m'shopu, ndipo gogoda wawo anayamba kuyandikira.

Kamwetu anavala mphete ija. Anatsegula buku lakuda pa tsamba la Bambo Ziwiriziwiri, umboni wokhawo umene akanasonyeza Wachikepe, analigwira kumtunda, n'kulikoka. M'kachipinda kopanda zenera kaja pepala linang'ambika mokweza kuposa mmene ankaganizira.

Gogoda uja anaima pakhomo.